Kapepala Kopinda Kanayi

Anakwera pamphambano ya ku Tsangano,
mnyamata wa jekete yofiira, waulemu wake,
osanenerera n'komwe mtengo.
Pamenepo mpomwe ndikadadzidzimuka.
Ndani sanenerera masiku ano?

Tisanafike pamlatho anati ndiime, chipewa chagwa.
Ndinaima.
Zotsalazo ndimamva kwa anthu:
akuti anali atatu,
akuti anandipeza ndi amayi olawirira kudimba
nkhungu isanayalule,
ndikuitana njinga ngati mwana wosochera.
Kuchipatala cha pa boma anandisoka mutu
momwe timasokera thumba la kachewere.

Zoti ufulu ulipo ndinkadziwa, wailesi imanena.
Koma ndinkayesa ndi wa womangidwa yekha:
asamenyedwe, adye, akaonekere kukhoti msanga.
Wokhapidwa, ndinkatero ine,
ufulu wake ndi panado.

Kaofesi kake kali kuseri kwa polisi,
benchi imodzi, kalendala ya chaka chatha.
Mayi Nangozo, mu yunifolomu yawo,
sanafunse chomwe ndinkayendera usiku.
Mlamu wanga anafunsa.
Mkulu wa mpingo anafunsa.
Iwo anangoti, Bambo Jailosi, yambirani pomwe mungathe.

Ndinayambira pa ngongole.
Njinga ija inali isanathe miyezi isanu,
theka la ndalama lidakali la eni ake.
Kenaka mawu anandithawa,
bambo wa ana atatu, ndevu pepeya,
kusisima pamaso pa wapolisi.
Anatseka chitseko.
Anadikira.

Pomaliza anang'amba tsamba m'kope,
nalembapo nambala ya mlandu,
dzina la wofufuza, ndi foni yawo.
Mukafuna kudziwa pomwe wafika, funsani,
sikupempha chifundo kumeneko.
Simulipira kanthu.
Wina akati ya fanta, mudzanditchulire dzina.
Wina akakuopsezani, bwerani, ngakhale usiku.
Tulo tikavuta bweraninso,
alipo amene ntchito yake ndi kumvetsera.

Mmodzi anagwidwa pa Lizulu,
njinga ataipaka utoto wakuda.
Loweruka lake kunabwera amalume ake
ndi envulopu yonenepa.
Tikambirane pachibale, bala lapola kale ili.
Esinati anayang'ana envulopu,
anayang'ana ana,
sanandiyang'ane ine.
Sindinama, dzanja linanyamuka lokha.
Linakathera m'thumba la malaya
momwe munali kapepala kaja.

Kukhoti ndinanjenjemera mawondo.
Jekete yofiira ija anali atavula,
anaoneka wamng'ono, msinkhu wa mphwanga.
Woweruza anafunsa za chikwanje, za nthawi, za mdima,
kenaka anaika cholembera pansi:
Nanga panopa mukukhala bwanji?
Ndinawauza za khutu lomwe limalira ngati nyenje,
za msana womwe umazizira
munthu akangokhala kumbuyo kwanga.
Analemba.
Ndinaona ndi maso anga, analemba.

Sizinathe bwino zonse, ndisakunamizeni.
Awiri aja akuyendabe, mwina timadutsana pamsika.
Chipukuta misozi chinatchulidwa,
m'manja sichinafike.
Njinga inakhalitsa kupolisi ngati umboni
mpaka nkhuku zinazolowera mthunzi wake,
ndipo ndinayendera kanayi kuti ndiitenge.
Koma ulendo uliwonse ndinkalowa chilili,
chipewa kumutu,
n'kutchula nambala yanga.

Kapepala kaja kafewa ngati kansalu,
inki yayamba kuthawa m'mapindo.
Mwana wanga wakakopera kuseri kwa buku la masamu.

Dzana amulanda Lufeyo pa Biriwiri,
foni, ndalama, ndi mano awiri.
Ndinam'peza atadzitsekera m'nyumba,
ati mwamuna sapita kukadandaula,
ati apolisi angomuseka.
Sindinam'tsutse.
Ndinavula chipewa, ndinamuonetsa msoko,
ndinaliza njinga pakhomo pake
mpaka anatuluka.

Anakhala kumbuyo kwanga.
Msana unazizira monga mwa masiku onse.
Tinapita.